Amadziwa bwanji dzina la sitima yankhondo osaiona?

Wa pa Chitakale:
Abale ndithandizeni, akuti asilikali apanyanja amatha kutchula sitima yankhondo ndi dzina lake lomwe ili kutali, kungomvera phokoso basi. Zoona zimenezi kapena ndi za m'mafilimu? Sitima ziwiri zotuluka fakitale imodzi zingasiyane pati?

Mkulu wa ku Luchenza:
Ndi zoona achimwene. Amagwiritsa ntchito sonar, chida chofufuzira zinthu m'madzi pogwiritsa ntchito mawu. Sonar ina imaponya mawu n'kudikira abwerere koma imeneyo imakuulula wekha. Inayi, ya passive, imangotchera khutu ndi ma hydrophone (mamaikolofoni a m'madzi), ndipo m'madzi mawu amathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, amafika kutali zedi. Kompyuta imagawa phokosolo mizeremizere ndiye umaona pulopela ili ndi mipeni ingati, ikuzungulira kangati, magiya, mapampu, jenereta kaya ndi ya 60 Hz ngati za America kapena 50 Hz ngati za Russia. Apo wadziwa mtundu chabe. Kuti utchule yeniyeniyo mpaka ikhale kuti inajambulidwapo kale, chifukwa ina beyaring'i inadyeka, ina mpeni wa pulopela unapindika pang'ono, monga timadziwira kabaza wa pamudzi akadali kuseri kwa munda wa tiyi. N'chifukwa chake America inayala SOSUS, mndandanda wa ma hydrophone, pansi pa nyanja ya Atlantic m'ma 1950, kumangomvera n'kumasunga.

Mlongo wa ku Bvumbwe:
Radar ndiye yaulula kuposa. Ukangoiyatsa mnzako amaimva patali iwe usanamuone, chifukwa kwa iye signal yangoyenda ulendo umodzi pomwe iwe ukudikira ibwerere. Zida za ESM, zomvera ma radar a anzako, zimayeza frequency, kutalika kwa pulse (kachidutswa ka signal komwe radar imaponya), ma pulse angati pa sekondi, antena ikuzungulira liwiro lanji. Ndiye transmitter iliyonse ili ndi kachizindikiro kakekake kosachita kufuna, ndi komwe amagwirira kuti iyi ndi yakuti.

Wa pa Chitakale:
Nanga akazimitsa radar, achemwali?

Mlongo wa ku Bvumbwe:
Amazimitsadi, amati EMCON, koma injini sungazimitse uli paulendo.

Mkulu wa ku Luchenza:
Komanso musaziyese zamatsenga, sitima ikapita kokonzedwa phokoso limasintha, ajambulenso. Ndipo chete amagulidwa ndi ndalama, mu 1987 kunabuka mlandu waukulu zitadziwika kuti Toshiba Machine ndi Kongsberg anagulitsa ku Soviet Union makina osemera mapulopela osalira kwambiri. Mpaka pano submarine (sitima yoyenda pansi pa madzi) ikatuluka m'madzi pulopela amaifunditsa chinsalu kuti anthu asawerenge mipeni.