Za rosacea ija ndinafunsa

Paja ndinafunsa ngati rosacea, nthenda ya khungu yofiiritsa nkhope, imagwira azungu okha, poti nkhope ya achemwali anga imawotcha nkumatuluka tiziphuphu m'masaya akangokhala padzuwa. Ndabwera nalo yankho, adokotala akhungu awaona ndipo ati ndi rosacea ndithu. Akuti padziko lonse pafupifupi akuluakulu 5 pa 100 alionse ali nayo, imakonda kuyamba munthu akadutsa zaka 30 ndipo ambiri opezeka nayo ndi azimayi, koma za kutupa mphuno nkukhuthala zimachuluka kwa azibambo.

Nzoona imaoneka kwambiri kwa akhungu loyera a kumpoto kwa Ulaya, komatu pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga ndiye ambiri amangoti nziphuphu wamba nkumapaka mafuta a steroid (mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa), zomwe zimangokulitsa vuto. Zimenezi nzomwe zandiwawa. Olo mugwirane, sipatsirana ayi.