Anthu achuluka pa kiliniki, koma makina othandiza kumva a agogo akugona m'sutikesi. Nditsegule nthambi ku Chipata?

Naphiri

Akuluakulu ndi anzanga a ntchito ya makutu, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Kiliniki yanga yoyeza makutu ya ku Woodlands muno m'Lusaka yakwanitsa zaka zinayi. Poyamba ndinkatha tsiku lonse ndikudikira munthu mmodzi, koma lero buku ladzaza moti wofuna kuyezedwa koyamba akudikira masabata atatu. Ndili ndekha ndi mtsikana wolandira alendo.

Chondipweteka kwambiri si mzerewo ayi. Mwezi uno wokha anthu atatu abweza makina othandiza kumva. Dzulo kunabwera bambo wina atanyamula kabokosi ka makina amene tinawaika amayi ake mu April. Akuti atapita kumudzi ku Katete anawapeza atakulungidwa m'kansalu pansi pa sutikesi, amayiwo akunena kuti makinawo anasiya kulankhula sabata yachiwiri. Nditatsegula ndinapeza batire lakufa, wax guard (kasefa kotchinga phula la m'khutu) yatsekeka ndi phula. Makinawo ndi abwinobwino. Munthu anataya ndalama zambiri, amayi ake sakumvabe, ndipo kumudziko akuti za ku Lusaka n'zabodza.

Okalamba ambiri amene ndimawaona ndi a kum'mawa, obwera ndi ana awo okhala muno. Ndiye ndaganiza zotenga ngongole kuti nditsegule nthambi ku Chipata, chipinda ndachiona kale. Amene munadutsamo, ndigawireni nzeru ndisanasaine.

A Zulu

Tsegulani achemwali, anthu akukufunani! Ndalama zobwezera ngongole zipezeka mukagwira makampani. Ku Chilanga, ku Kafue ndi mumsewu wa Mumbwa muli mafakitale amene antchito ake amakhala m'phokoso lopitirira 85 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso) maola 8 tsiku lililonse. Kampani imodzi ikakupatsani antchito ake onse kuti muwayeze chaka ndi chaka, lendi ya ku Chipata yalipiridwa.

A Tembo

Mwanangu Naphiri, musanasaine kanthu ndikupempheni chinthu chimodzi. Tengani buku lanu la masabata awiri apitawa, munthu aliyense amene analowa m'chipinda chanu mulembe pambali chimene munamuchitira. Kenako muonenso mafayilo a onse amene munawaika makina chaka chatha: amakhala kuti, analipira ndani, anabwera ndi ndani tsiku loikalo, munawaika makina a mtundu wanji, anabweranso kapena ayi. Mukatero mubwere mutiuze.

A Zulu, za makampani n'zoona kuti zili ndi ndalama, koma zimadya nthawi kuposa mmene zimaonekera. Wantchito amayenera kuyezedwa makutu atapuma ku phokoso maola osachepera 14, ndiye kuti onse amafuna m'mamawa asanalowe shifiti. Pambuyo pake pali malipoti. Munthu amene mzere wake wafika kale masabata atatu nthawi imeneyo aitenga kuti?

Za nthambi ndifunsenso: ku Chipata n'kutali, makilomita pafupifupi 570. Adzakhala kumeneko ndani? Malo atsopano amafuna chilolezo chawochawo ku HPCZ, bungwe loyang'anira a zaumoyo muno m'Zambia, amafuna booth (kachipinda kosalowa phokoso), audiometer (makina oyezera kumva) yachiwiri yoti muzichita calibration (kuona ngati ikuyeza molondola) chaka chilichonse, ndi munthu wolembetsedwa wokhalapo. Anthu a ntchito yathu m'dziko muno ndi ochepa, mukudziwa nokha. Mukamadzigawa pawiri, ku Woodlands kudzazizira, ku Chipata osatentha.

Amake Taonga

Achemwali, funso langa ndi limodzi. Agogo a ku Katete aja munawaika makina otani? Mwatchula wax guard, ndiye ndikuganiza kuti ndi RIC, timakina tating'ono tokhala ndi kasipika kolowa m'khutu, ya kabatire kakang'ono ka nambala 312.

Naphiri

Eya, ndi RIC ya 312. Mwana wawo ndi amene anasankha, ankafuna zosaoneka kuti amayi asachite manyazi kutchalitchi.

Amake Taonga

Vuto lagona pamenepo. Ine kuno ku Matero ndinaphunzira movutikira. Wolipira ndi wina, wovala ndi wina. Mwana wa m'tauni amasankha ndi maso ake komanso ndi zala zake, pamene wovalayo ali ndi zaka 78, maso achita khungu, zala zinalimba ndi khasu. Kabatire ka 312 kakagwera pa dothi kapita. Wax guard ija ngakhale ife timaisintha titayatsa nyali. Ndiye mukawerenge masiku: 312 pa makina ovalidwa tsiku lonse imakhala pafupifupi sabata imodzi. Mwamva agogowo akuti anasiya kulankhula sabata yachiwiri? Sananame, batire linatha nthawi yake itakwana, ndipo panalibe wosintha. Ngakhale akanafuna kugula, pa kantemba ka kumudzi amagulitsa mabatire a wailesi ndi tochi basi.

Wakumudzi ine ndimamuika BTE, makina okhala kuseri kwa khutu, yokhala ndi kachubu ndi mould (chotsekera choumbidwa molingana ndi khutu lake), batire la 13, kapena 675 ngati kusamvako n'kwakukulu. Imagwirika m'manja, batire limakhalitsa, phula likatseka mumavula mould n'kuitsuka ndi madzi ndi sopo, kuiumitsa, basi. Fumbi la September ndi October komanso thukuta la kumunda zimapha receiver, kasipika ka RIC kokhala m'khutu, msanga kuposa kachubu.

Ndipo ndimaphunzitsa ndi mitundu, osati manambala. Ndimawauza kuti batire lanu ndi la kapepala ka olenji, la bulawuni si lanu, la buluu si lanu. Ndimawauzanso kuti mukamatula kapepalako batire layamba kugwira ntchito chifukwa limapuma mpweya, silidikiranso. Pali agogo ena amene anamatula paketi yonse tsiku limodzi kuti zikhale zokonzeka, mabatire onse anafa asanawagwiritse ntchito.

A Zulu

Nanga bwanji osangowaika otchaja? Za mabatire n'kuiwalako.

Amake Taonga

Atchajira pati achimwene? Mwaiwala 2024, madzi atachepa ku Kariba, muno m'Lusaka momwe anthu ankabwera ndi makina atazima chifukwa magetsi ankabwera pakati pa usiku kwa maola ochepa? Pakhomo pamene pali sola yodalirika ndi munthu wokumbukira kuika pa chaja usiku uliwonse, otchaja ndi abwino kwambiri, makamaka kwa amene zala zimanjenjemera. Koma muyambe mwafunsa. Ine funso la magetsi ndimalifunsa ndisanatulutse n'komwe kabuku ka makina.

Nangozo

Ndikugwirizana ndi amake Taonga, ndiwonjezepo za munthu wachitatu. Ine ndinaphunzira ku African Bible College ku Lilongwe ndipo tinkayenda m'midzi, mavuto a ku Mchinji ndi a ku Katete ndi amodzi. Tsiku loika makina m'chipinda mumakhala agogo ndi mwana wawo wa m'tauni. Malangizo onse mumauza mwanayo, iye n'kumagwedeza mutu. Mawa lake akweza amayi ake basi pa Intercity, nzeru zonse zatsala ku Lusaka. Amene adzasinthe batire ndi mdzukulu wogona nawo nyumba imodzi, ndipo mdzukuluyo simunamuonepo.

Masiku ano ndimafunsa kuti agogo amadya ndi ndani nsima yamadzulo. Ameneyo ndiye abwere. Ndimamupatsa makina m'manja, atsegule kachitseko, aike batire, awaveke agogo, awavule, kawirikawiri mpaka manja azolowere. Ngati sangabwere timajambula kavidiyo kakafupi m'Chichewa pa foni ya mwana uja kuti akamuonetse. Nambala ya foni imene ndimalemba m'fayilo ndi ya mdzukulu. Osaiwala kumuchenjeza kuti mabatirewa azibisidwa patali ndi ana aang'ono, mwana akameza ndi nkhani yothamangira kuchipatala.

Chinanso, munthu amene wakhala zaka 10 osamva bwino, tsiku loyamba zonse zimamusokosa: mbale, nkhuku, mapazi ake omwe. Akapanda kuchenjezedwa amavula n'kunena kuti makinawa ndi aphokoso. Pamafunika kumuonanso pakatha sabata imodzi kapena awiri, kumva madandaulo ake, kukonza pang'ono. Kuika lero n'kukwera basi mawa ndi kutaya ndalama.

Naphiri

A Tembo, ndachita zimene munandituma, ndagona mochedwa. Ndikuuzeni zoona, zandichititsa mantha. Pa anthu 61 amene analowa m'chipinda changa masabata awiriwa, amene anafunikiradi ine, kutanthauza kuyeza, tympanometry (kuyeza khutu la pakati), kuika makina ndi REM (kuyeza mmene makina akumvekera ali m'khutu), ndi 24. Ena onse anali osintha kachubu, otsuka mould, ogula mabatire amene anafuna kundipatsa moni n'kukhala mphindi 20, ndi ochotsa phula. Ndimawalandira onse ndekha chifukwa ndimaopa kuti akapanda kundiona adzaganiza kuti ndayamba kunyada.

Mafayilo a chaka chatha akunena zimene amake Taonga ndi Nangozo anena. A muno m'tauni pafupifupi onse anabweranso. A kum'mawa amene analipiriridwa ndi ana awo ndinapeza 19, obweranso ndi 4 okha. Ndaimbira ana awo asanu ndi mmodzi lero, anayi sakudziwa ngati makolo awo akuvala. Ndipo si a ku Chipata okha, amwazikana: Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, Chadiza, Lundazi. Wa ku Nyimba sangapite ku Chipata kukasintha kachubu.

A Tembo

Mwagwira ntchito, mwanangu. Ndiye mwaona nokha kuti ngongole ija ikanagula chipinda chimene anthu 19 aja ambiri sakanafikako.

Ine maganizo anga ndi awa. Munthu woyamba kumulemba ntchito akhale wa ku Woodlands komweko, wophunzira za makina a m'khutu, wolembetsedwa ku HPCZ. Muno m'Lusaka muli Starkey Hearing Institute imene yaphunzitsa anthu otere, funsani mwa anzathu amene anadutsa kumeneko. Mpatseni tebulo lake, nyali, machubu, zotsukira, stetoclip yomvetsera ngati makina akulankhula bwino. Timavuto ting'onoting'ono tonse tizithera kwa iye, popanda kulembetsa tsiku. Inu muzituluka kukapereka moni pakhomo, okalamba moni amaufuna ndithu, koma moni wa pakhomo satenga mphindi 20.

Koma mumukhazike pansi mumuuze malire ake, muwalembe n'kumata pakhoma. Khutu lotuluka mafinya, khutu lopweteka, munthu wochita chizungulire, wolira khutu limodzi lokha kapena amene mbali imodzi ikumva mosiyana kwambiri ndi inzake, amenewo aziwabweretsa kwa inu, inu muwatumize kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi (ENT) ku chipatala chachikulu cha UTH, ku chipatala cha Levy Mwanawasa kapena kwa amene mumagwira nawo ntchito. Ana ambiri ine ndimawatumiza ku chipatala cha Beit CURE. Amene wadzuka m'mawa khutu litangotseka mwadzidzidzi, mukayang'ana mulibe phula, asapatsidwe tsiku la sabata yamawa. Ameneyo aonedwe tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake amathandiza m'masiku oyambirira. Ndipo asathire madzi m'khutu la munthu aliyense asanatsimikize kuti mwinikhutu sanabooke. Ndinaonapo mayi wina amene anatsukidwa kwina khutu lobooka, anavutika ndi mafinya miyezi.

A Zulu

Ndamva akuluakulu, ndagonja pa za nthambi. Koma malipiro a munthu watsopanoyo achokera kuti ngati ntchito yake ndi yosintha machubu? Zimenezi ambiri timachita ulele.

Amake Taonga

Achokera m'maola amene achemwali amasuke. Mzere wa masabata atatu uja ndi anthu ofuna kulipira amene ena mwa iwo akutopa n'kupita kwina. Komanso ine ndinasiya kugulitsa makina paokha. Mtengo umene ndimatchula uli ndi mould, maulendo atatu obwereza, mabatire a miyezi 6 ndi kachitini koumitsira ka nyengo ya mvula. Mwana wa m'tauni amakonda kulipira kamodzi n'kudziwa kuti zatha. Miyezi 6 ikamatha timamuimbira, amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena MoMo, ife timapereka paketi kwa wachibale amene akupita kumudzi. Ena amadikira mwezi wawo wolandira chilimba, ndalama zosonkherana pagulu, timagwirizana tsiku.

Nangozo

Pa zosunga agogo m'tauni masabata awiri kuti muwaonenso atavala makina, muyang'ane kalendala ya kumunda. November mpaka January simungamugwire munthu wa kum'mawa ku Lusaka, mtima wake uli ku mbewu, adzathawa tsiku lachitatu. Akatha kukolola, June mpaka September, amakhala mosavuta. Ana awo muziwauza zimenezi akangoimba foni koyamba, kuti abwere nawo nthawi imeneyo pamodzi ndi mdzukulu sukulu zikatsekera.

Ndipo pali masiku awiri amene anthu a ku Lusaka amakhamukira kwawo okha: Kulamba ku Mkaika ku Katete kumapeto kwa August, ndi Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February. Atalikirana miyezi 6 ndendende. Mabatire, machubu ndi makina okonzedwa angayende ndi anthu amenewo. Ngati mungafune kupita nokha kukaona odwala anu sabata imeneyo, gwirizanani ndi chipatala chimene chili kale ndi chilolezo kumeneko kuti akubwerekeni chipinda, ndipo mufunse ku HPCZ zimene amafuna musananyamuke. Ine ndingakuperekezeni ulendo woyamba, otoscope younikira m'khutu ndi audiometer yonyamula ndili nazo.

Naphiri

Zikomo kwambiri nonse, mwandichotsa chimwala pamtima. Eni chipinda a ku Chipata ndawaimbira kuti apatse ena. A Tembo, ndikapeza anthu awiri kapena atatu ofuna ntchitoyi ndikupemphani mudzakhale nane powafunsa, inu mumaona msanga munthu wa manja ofatsa. Nangozo, za August ndavomera, ndiyamba kuimbira mabanja 15 aja sabata ino kuti tidziwe amene angafike ku Katete ndi amene tingawaone pa Petauke podutsa.

Bambo wa kabokosi uja ndalankhula nawo madzulo ano. Ndawauza kuti kusankha makina aja ndinayenera kuwatsogolera ine, ndipo ndiwasinthira ndi BTE popanda kuwonjezera ndalama. Avomera kubwera ndi amayi awo akamaliza kukolola, pamodzi ndi mdzukulu wamkazi wa giredi 9 amene amagona nawo. Amake Taonga, mould za okalamba a makutu ofewa mukupangitsa kuti masiku ano, ndipo zikutenga masiku angati kuti zibwere? Ndikufuna nditenge impression, chidindo cha khutu chopangira mould, tsiku lomwe afike kuti masabata awiriwo atikwanire.