Gulu la banja: nyumba ya ku Lilongwe

LACHIWIRI MADZULO

Thoko: Mwaswera bwanji nonse? Kalata ija yatuluka lero, andisamutsadi. Pa 1 Epulo ndikuyenera kukhala nditayamba ntchito ku Kanengo. Ndiye nkhani ya nyumba tisaigonekenso. Monga tinagwirizana pa Khirisimasi, m'malo moti ine ndizikalipira lendi, tigule nyumba yoti Amayi adzakhale nafe pafupi ndi chipatala.

Madalitso (Joni): Ambuye alemekezeke achemwali! Ndipo zangogwirizana, ine ndapeza kale nyumba pa Facebook. Zipinda zitatu, mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, ku Area 49. Akuti K38 miliyoni. Zithunzi ndi izi.

Madalitso (Joni): Ejenti wake akuti pali anthu ena awiri akuifuna. Tikaponya K2 miliyoni pofika Lachisanu atisungira. Ine nditha kutumiza mawa.

Azakhali (Chilobwe): Eee koma ndi yokongola. Matailosi mpaka pakhonde!

Malume (Area 23): Mada, Area 49 yake iti? Kuli Gulliver, kuli Shire, kuli Dubai, kuli Proper. Nanga mtengo umenewo wa nyumba ya mpanda ku 49? Pamenepo pali chimene sanakuuze.

Madalitso (Joni): Akuti ndi cha kumunsi, moyandikira Mtandire. Mwini wake ali ndi vuto la ndalama, n'chifukwa chake watsitsa.

Malume (Area 23): Kumunsi kumeneko ndi kumene kumadutsa Lingadzi. Mu 2017 mtsinje umenewo unasefukira, anthu a ku Mtandire anathawira pamadenga, nyumba zambiri zinagwa. Sindikunena kuti nyumba iliyonse ya dera limenelo ndi yoipa, ayi, zapamtunda zilipo zabwinobwino. Koma taonanso chithunzi chachitatucho. Khoma la mpanda apenta kuchokera pansi kulekezera m'chiuno, kumwambaku n'kusiya penti yakale. Wopenta chonchi amakhala akubisa mzere wa madzi.

Chikondi: Kkkk Malume mwayamba ntchito ya CID

Azakhali (Chilobwe): Pa nkhani ya madzi musaseke ana inu. Ife kuno Freddy tinamuona ndi maso mu Malichi 2023. Matope anatsika m'phiri la Soche usiku, anthu ali mtulo. Anzathu amene tinkapemphera nawo limodzi, ena mpaka lero sanapezeke. Ambiri mwa iwo malowo anagula chifukwa anali otsika mtengo. Ndabweza mawu anga a matailosi aja. Mlamu wanga sangathawe madzi ndi miyendo ija.

Thoko: Zoona Azakhali. Achimwene, musatumize kaye chilichonse.

Madalitso (Joni): Ndamva, koma mudziwe kuti ndalama zikungosungunuka ku banki. Mukukumbukira Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Simenti inakwera sabata yomweyo. Zimene ndinatumiza chaka chatha lero sizingagule zomwe zikanagula nthawi ijayi. Ine kuno ndimagwira usiku kuti ndipeze zimenezo, ndiye kuchedwaku kumandiwawa.

Malume (Area 23): Zikuwawa, ndikudziwa mphwanga. Koma kwacha ikagwa umatsala ndi kenakake m'manja. Ukapatsa dobadoba umatsala ndi nambala ya foni yosagwira. Tipatse masabata awiri basi.

Bambo a Tadala: Ndilankhuleko monga mkamwini, mundikhululukire. Tiyambe tagwirizana dera, nyumba ibwere pambuyo. Make Tadala azigwira ku Kanengo, kumpoto kwa mzinda. Tikagula ku Likuni, Chinsapo kapena Area 36 chifukwa chotchipa, ndiye kuti tsiku lililonse minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, kudutsa m'tauni nthawi ya mzere wa magalimoto. Zimene tapulumutsa pogula zidzathera thiransipoti.

Chikondi: Alamu akunena zoona. Ine ndikachoka ku Likuni 6 koloko, ku Kanengo ndimafika dzuwa litakwera. Mafuta akasowa ndiye musanene, makondakitala amangotchula mtengo umene awukonda.

Thoko: Ndiye tiyang'ane kuti?

Bambo a Tadala: Ine ndimaganiza Area 25, kapena Lumbadzi. Ku 25 kuli chipatala chaching'ono cha boma, msika wa Nsungwi uli pomwepo, ndipo chipatala cha Daeyang Luke sichili patali Amayi shuga ikavuta. Lumbadzi malo ndi otakasuka, koma ndi kutali ndi chipatala chachikulu cha Central.

Malume (Area 23): Area 18 ndi 47 tisataye nazo nthawi, thumba lathu silifika. Za Area 10 ndi 43 tizingodutsako pa basi. 25 ndi maganizo abwino, koma nayonso ili ndi mbali zake. Kuli nyumba zakale za ku 25A, B ndi C, kuli masekita atsopano kumene ena misewu sanaikonze, kulinso kumalire ndi Mgona. Mitengo yake ndi yosiyana, mtendere wakenso ndi wosiyana.

Amayi: (uthenga wa mawu, walemba ndi Chikondi) Akuti moni nonse. Akuti iwo sakufuna nyumba yaikulu, akufuna pakhale kabwalo kodzala mpiru ndi mnkhwani, tchalitchi cha CCAP chikhale choyenda pansi, ndiponso anthu oyandikana nawo akhale oti ukadwala usiku ungawagogodere. Akuti mipanda italiitali ija munthu umafa anzako osadziwa.

Madalitso (Joni): Amayi mpanda ndi wofunika, kuli akuba m'tauni.

Azakhali (Chilobwe): Mpanda akuba amakwera, Mada. Chimene amaopa ndi anthu odziwana. Kuno kwathu mluzu ukangolira mzere wonse umatuluka.

LOWERUKA

Chikondi: Lipoti lafika! Ine ndi Malume tayenda kuyambira m'mawa, mvula ikugwa, ndipo Malume akuti ndi tsiku labwino kwambiri loonera nyumba. Nsapato zanga zatha ntchito.

Chikondi: Tinayamba ndi ya Achimwene ija. Ejenti anatiuza kuti tilipire kaye K20,000 yoonetsera, Malume anakana, tinapita tokha pofunsa anthu. Kabaza anatitsitsa patali, akuti njinga siingatsike kumeneko. Kuseri kwa mpanda kuli ngalande yodzaza, madzi akulowa pansi pa geti. Mayi wina wogulitsa tomato pafupi anatiuza kuti alendi amene ankakhalamo anasamuka mu Januwale atatopa ndi kukweza katundu pa tebulo.

Madalitso (Joni): Aaa. Ndiye munthu uja amandiimbira kawiri pa tsiku. Chabwino, imeneyo yafa.

Malume (Area 23): Ku 25 taona ziwiri. Yoyamba ili m'masekita, yatsopano, mabuloko a simenti, koma sinathe. Siling'i palibe, magetsi sanalowe, pholo la ESCOM lili patali ndithu, madzi akutunga pa kiyosiki. Mwini wake alibe pepala lililonse kupatula kalata ya amfumu. Akuti malowo anagula kwa mwini munda.

Thoko: Kalata ya amfumu siikwanira Malume? Anzanga ambiri anagula choncho.

Malume (Area 23): Kumudzi ili ndi malo ake. Mumzinda muno malo amakhala ndi eni ake pa pepala: ena ndi a Unduna wa za Malo, ena ndi a Malawi Housing Corporation, ena ndi a khonsolo ya mzinda. Ku Lumbadzi kulinso ena a kampani yoyang'anira malo a bwalo la ndege. Munthu atha kukugulitsa munda wa agogo ake ndi mtima woyera, koma pa mapu pamenepo pali msewu kapena sukulu, kapena boma linapereka kale kwa wina amene ali ndi liizi ya zaka 99. Tsiku lobwera thirakitala, amfumu aja sadzakhalapo. Komanso banki siingakubwereke ndalama pa kalata yotere.

Bambo a Tadala: Nanga yachiwiri?

Malume (Area 23): Yachiwiri ndiye yandigwira mtima. Ili ku 25B, yakale koma yolimba. Zipinda zitatu, boyizikota ya chipinda chimodzi kuseri, mtengo wa mango, ndi malo oti Achemwali adzale mpiru wawo. Ili pamtunda, madzi a mvula amangotsetsereka kupita kumsewu. Ndinakwera pa mpando kuona mitengo ya denga, chiswe sichinalowe. Malata awiri akudontha kukhitchini, zimenezo n'zazing'ono. Mita ya magetsi ndi ya mayunitsi, mpopi ukutuluka. Akufuna K52 miliyoni.

Chikondi: Ndipo ine ndinabwererako cha m'ma 8 usiku monga anandituma Malume. Pamzerewo pali mababu panja pafupifupi nyumba iliyonse, azimayi amayenda okha kuchokera kumsika. Ndinakumana ndi anyamata a chitetezo cha m'dera, akuti khomo lililonse limasonkha pamwezi. Bala ili kutali, nyimbo zimangomveka pang'ono. Tchalitchi ndi mphindi khumi kuyenda kwa Amayi.

Madalitso (Joni): 52? Tili ndi 41 pamodzi ndi za ng'ombe zija. Enawo achokera kuti?

Thoko: Ku SACCO ya kuntchito angandipatse mwina 6. Ndipo boyizikotayo tikaikamo wa lendi izithandiza kubweza.

Malume (Area 23): Mtengo tikambirana, munthu sayamba ndi mtengo womaliza. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi china. Nyumbayo ndi ya masiye. Bambo wake anamwalira, amene akugulitsa ndi mwana wachisamba, koma ana alipo asanu, wina ali ku Mzuzu, wina ku UK. Nditafunsa ngati onse avomera anangoti "amenewo ndi ana, ine ndi amene ndimayendetsa zonse."

Azakhali (Chilobwe): Iii, pamenepo ndiye pamafera ndalama. Mnzanga wina wa kumayi a chigwirizano anagula nyumba yotere, atakhalamo chaka kunabwera ana a mkazi wachiwiri ndi samani. Mpaka pano nkhani ili kukhoti, iye akukhala ya lendi.

Malume (Area 23): N'chifukwa chake ndamuuza mnyamatayo kuti tisanakambe za ndalama atiwonetse zinthu izi. Pepala la nyumbayo lenileni, osati fotokope. Kalata ya kukhoti yomupatsa mphamvu zoyendetsa chuma cha malemuwo, chifukwa lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana onse, osati wamkulu yekha. Ndipo abale akewo asayine kuti avomera, mayi awo ngati ali moyo akhale woyamba. Ife mbali yathu tikafufuze ku ofesi ya za malo ngati dzina lili pa pepalalo ndi lomwe lili m'kaundula, komanso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki. Tikafunsenso ngongole ya msonkho wa nyumba wa kukhonsolo ndi bilu ya madzi, poti zimenezo zimatsata nyumba, sizitsata munthu.

Bambo a Tadala: Ndiwonjezereko mabikoni Malume. Tipeze saveya atsimikize malire, mwina mpanda unalowa kwa aneba.

Madalitso (Joni): Zonsezi si ndalama zinanso? Loya, saveya, msonkho wosinthira dzina...

Thoko: Ndi ndalama ndithu, tipatule 2 miliyoni ya zimenezo tisanayambe kunenerera. Safunsa anadya phula, Achimwene. Ndipo ndalama zidzadutse ku banki kudzera kwa loya, osati m'chikwama.

Madalitso (Joni): Chabwino. Koma pali funso limene aliyense akulizemba. Nyumbayi ilembedwa dzina la ndani? Ine ndaikapo 24, Achemwali 11, zotsalazo ndi ng'ombe za malemu Bambo. Sindikukayikira munthu, Alamu musandimve molakwika, koma taona zimene zikuchitikira banja la ogulitsawo.

Bambo a Tadala: Palibe cholakwika Alamu, mwafunsa bwino. Ine dzina langa lisakhalepo. Ndine wodzakhala nawo chabe.

Azakhali (Chilobwe): Mulembe dzina la mayi anu basi, nkhani ithe.

Malume (Area 23): Likakhala la Achemwali okha, tsiku limene Mulungu adzawaitane nyumbayo idzalowa m'chuma cha masiye, ndipo mudzayamba kuyenda m'maofesi ngati anzathuwa. Malamulo amalola anthu angapo kulembetsa nyumba imodzi, aliyense ndi gawo lake. Tikamufunse loya atilongosolere bwino, kenaka tilembe pangano loti Achemwali adzakhalamo moyo wawo wonse popanda wowasuntha.

Chikondi: Ine amene nsapato zanga zathera m'matope gawo langa ndi liti? 😂

Madalitso (Joni): Iwe ndikugulira nsapato ku Small Street, khala chete.

Amayi: (uthenga wa mawu, walemba ndi Chikondi) Akuti za mayina mukambirane bwino osakangana. Koma akuti iwo sangavomere nyumba imene sanaipondemo. Akufuna akaone okha, akalankhule ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo akufunsa ngati mangowo ndi a boloma kapena a kalisere.

Malume (Area 23): Achemwali bwerani Lachitatu, mudzagone kwathu kuno. Lachinayi m'mawa ine ndikhala ku ofesi ya za malo, masana tipitire limodzi ku 25. Chikondi ukawalandire ku depoti, usawakweze kabaza.

Thoko: Ine ndipempha tsiku limodzi kuntchito, ndinyamuka ku Zomba Lachitatu lomwelo. Ngati mapepala a 25B savuta, tiyambe ndi 45 pokambirana. Akavuta, ndipeza kaye ya lendi ya miyezi itatu kufupi ndi Kanengo tikufufuza ina, osathamanga.

Madalitso (Joni): Ndatumiza K150,000 pa Airtel Money ya Chikondi, ya thiransipoti ya Amayi ndi zolipira ku ofesi. Chikondi, malisiti onse uziwajambula n'kuponya pano.

Chikondi: Yafika. Malume, mwini nyumba uja wangoyankha, akuti kalata ya kukhoti ili ndi mlongo wake wa ku Mzuzu, aitumiza pa basi Lolemba.

Malume (Area 23): Muuze atipatsenso nambala ya mlongo wakeyo. Ndikufuna ndimve pakamwa pake.