Thandizeni: ndidzale potsata mwezi kapena ndiyambe ndaona za chisanu?

Membala wa ku Leeds:
Abale anga, makamaka inu olima kuno ku UK, ndithandizeni nzeru Malichi asanathe. Khonsolo yandipatsa allotment, kamunda kochita lendi, chaka chino nditadikira mpaka kuiwala kuti ndinalembetsa. Dothi lake ndi lamakande, ukaponda kukagwa mvula nsapato imatsalira pomwepo. Ndikufuna mbatatesi, anyezi, repu, mpiru, nyemba, maungu, bonongwe ndi chimanga pang'ono chootcha.

Agogo ena a puloti yoyandikana nane amalima mwa njira ya biodynamic, ulimi wa manyowa wotsatanso mwezi ndi nyenyezi, ndipo sindikunama, mabedi awo ndi osiririka, dothi lakuda bii, ukangokanda pang'ono nyongolotsi zili mbwee. Andibwereka kalendala yodzalira mbewu ya Maria Thun, mlimi wa ku Germany. Akuti mwezi ukamadutsa m'magulu 12 a nyenyezi, masiku amagawika panayi: a mizu, a masamba, a maluwa ndi a zipatso. Karoti, mbatatesi ndi anyezi ndi za tsiku la mizu, repu ndi kabichi tsiku la masamba, tomato, nyemba, chimanga ndi maungu tsiku la zipatso.

Tsono ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ya mashifiti. Tsiku la mizu likugwa ndili ku ntchito usiku, tsiku lomwe ndikupuma kalendala ikuti maluwa. Ndidikire, kapena ndingodzala? Komanso maungu ine sindilimira dzungu, ndimafuna nkhwani. Nyemba nazo ndimafuna khwanya. Ndiye zimenezi zipite tsiku la zipatso monga akunenera, kapena la masamba? Nditawafunsa agogowo anangondiyang'ana, sanamvepo kuti masamba a maungu amadyedwa.

Chomaliza, andilonjeza kundigawira mankhwala owaza pa dothi omwe amawatcha 500. Akuti ndi ndowe ya ng'ombe yomwe amaiika mu nyanga, kuikwirira nyengo yonse yozizira, kenako kufukula. Alipo anayesapo?

Bambo a ku Dedza:
Achemwali, nyanga m'munda? Kuno mutapezeka mukukwirira zimenezo, mawa lake nkhani ili kwa amfumu kkkk. Thirani manyowa a khola basi.

Mayi a ku Nottingham:
Ine ndalima kuno nthawi yaitali, ndipo ndikuuzani mosabisa: woyamba kumumvera ndi chisanu, wachiwiri ndi dothi, mwezi ubwere pambuyo. Ku Leeds chisanu chikhoza kukugwerani mpaka pakati pa Meyi. Maungu, nyemba, chimanga, tomato ndi bonongwe usiku umodzi wokha wa chisanu m'mawa mupeza zafota ngati zathiridwa madzi owira, kaya munadzala tsiku labwino bwanji pa kalendala.

Ndiye chitani chonchi. Mbatatesi ziikeni mu thireyi ya mazira pawindo panopa kuti zitulutse timaso tatifupi tolimba, mudzadzale kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, ndipo zikamera muzizikwezera dothi. Anyezi wa timibulu naye nthawi yomweyo. Maungu ndi chimanga fesani m'timiphika m'nyumba chapakati pa Epulo, mudzawokere panja kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, mutayamba mwazizolowetsa mphepo: masana panja, usiku m'nyumba, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Bonongwe musamuthamangire, amafuna dothi litafunda. Repu ndi mpiru ndi zopirira, koma nkhono zopanda chigoba zija zimatha bedi yonse usiku umodzi, ndiye ndibwino kuwokera mbande zitakulako.

Za kalendala musadandaule nazo kwambiri. Mwezi umazungulira magulu onse aja m'masiku pafupifupi 27, choncho mtundu uliwonse wa tsiku umabweranso pakatha masiku ngati 9. Mukaphonya la mizu sabata ino, lina likubwera. Chomwe musachite ndi kulowa m'dothi lamakande lili chinyontho tho chifukwa choti pepala lati lero. Mudzaumba njerwa, ndipo zibuma zake mudzalimbana nazo mpaka Ogasiti.

Mnyamata wophunzira zaulimi, Lilongwe:
Ndiwonjezereko pang'ono. Ulimi umenewu unayamba ndi maphunziro omwe Rudolf Steiner, wafilosofi wa ku Austria, anapereka kwa alimi mu 1924 ku Koberwitz, komwe lero ndi ku Poland. Za kalendala zinakula pambuyo pake ndi Maria Thun wa ku Germany. Mbali ya kompositi, kasinthasintha wa mbewu ndi kusathira feteleza wa m'sitolo ndi yomveka, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi imene yadetsa dothi la agogo anuwo. Mbali ya nyenyezi ndi nyanga, asayansi ambiri sanakhutire nayo. Koma siiwononga kanthu, bola isakuchedwetseni.

Bambo a ku Dedza:
Koma za mwezizo musaseke kwambiri mphwanga. Akuluakulu kuno amakana kudula nsungwi kapena mitengo ya denga mwezi ukuwala, amati zimafumbwa msanga.

Mayi a ku Stroud:
Ine ndimatsata kalendala imeneyi, ndiye ndiyankhe la nkhwani. Lamulo lake ndi loti mumayang'ana gawo la mbewu lomwe mukufuna kukolola. Ngati cholinga ndi masamba, fesani tsiku la masamba. Ine ndimagawa pawiri, mapando ena a nkhwani, ena a maungu, ndipo a maunguwo sindiwathyola masamba kwambiri. Muonenso ngati maola a mu kalendala yanu ali mu GMT, nthawi ya ku UK ya nyengo yozizira, chifukwa mawotchi akasintha Lamlungu lomaliza la Malichi muyenera kuwonjezera ola limodzi.

500 uja safuna wambiri, kachibulu kakang'ono mu ndowa ya madzi a mvula ofunda pang'ono. Mumatakasa ola lathunthu, mbali imodzi mpaka madzi achite dzenje pakati, kenako kubweza mbali inayo, ndiye kuwaza pa dothi ndi burashi chakumadzulo. Akafukulidwa sanunkha ndowe, amamveka fungo la dothi. Simuyenera kukwirira nyanga nokha, bungwe la Biodynamic Association limagulitsa wokonzakonza. Musamuyese feteleza ayi, kompositi ikufunikabe.

Achimwene a ku Johannesburg:
Amene muli kumwera kuno musatengere miyezi ya anzathuwa. Ife nyengo yodzala imayamba cha mu Seputembala. Ndipo achemwali, chimanga choyera cha kumudzi ku England chimangotalika, ngaiyaye kuchedwa, chisanu cha Okutobala n'kuchipeza chisanakhwime. Gulani mbewu ya sweetcorn (chimanga chotsekemera) yocha msanga konko, mudzale mizere ifupiifupi yoyandikana kuti mungu ugwere bwino.

Membala wa ku Leeds:
Zikomo nonse. Mbatatesi ndaziika kale pawindo. Maungu ndigawa pawiri monga mwanenera amayi a ku Stroud. Ola lotakasa ndowalo ndiona ngati msana ulola ndikaweruka. Nanga amayi a ku Nottingham, nkhonozo mumathana nazo bwanji popanda mankhwala? Agogo aja akuti ndizikazitola usiku ndi tochi, koma usikuwo ndi umene ndimakhala ku ntchito.