Tsitsi la m'mbali likundithera, ukwati wa mng'ono wanga wayandikira: ndiluke meshi kapena ndileke?

A Admin, chonde ndibisireni dzina, pagulu pano pali alamu anga komanso anzanga a kutchalitchi.

Amayi anzanga ndi achemwali, ndabwera ndi nkhani ya tsitsi. Ndikupempha makamaka inu amene mumaluka m'masaluni, ndi anamwino ngati mulipo, mundithandize nzeru. Ndimakhala ku Lilongwe, ndimagwira ntchito m'shopu ina m'tauni, ndipo ndili ndi mwana woyamwa wa miyezi isanu. Meshi ndinayamba kuluka nditangolemba mayeso a Fomu 4, monga ambiri a ife, poti kusukulu ankatimetetsa. Chiyambire nthawi imeneyo mutu wanga sukhala wopanda kanthu. Ndikamasula Lachisanu usiku, Loweruka m'mawa ndili kale pampando kusaluni, ndipo nthawi zambiri amayamba andipaka mankhwala owongola tsitsi kenako n'kuluka tsiku lomwelo.

Vuto ndi lakuti tsitsi la m'mbali, kuyambira pamwamba pa makutu kukafika pachipumi, lathothoka. Kumanzere ndiye kwanyanya: pali malo aakulu ngati zala ziwiri pomwe khungu likuchita kunyezimira, ndipo kutsogolo kwenikweni kwangotsala kamzere ka titsitsi tating'ono. Pomasula meshi yapitayi, tizingwe tina takutsogolo tinangosololoka tokha, tsitsi langa lili momwemo, kunsonga kwake kuli timitu toyera. M'mphepete mwa chipumi ndi kunkhongo mukumatuluka tiziphuphu towawa. Kuyabwa ndiye musanene, makamaka ndi kutentha kwa Okutobala kuno. Ndimapezeka ndikudzimenya m'mutu ndi chikhatho pamaso pa makasitomala, mwina kulowetsa cholembera pakati pa mizere kuti ndikande.

Tsono mng'ono wanga akumanga ukwati mu Disembala, ndipo ine ndi mmodzi wa operekeza. Anagwirizana kuti tonse tiluke meshi yaing'onoing'ono yofika m'chiuno. Sindikufuna kumukhumudwitsa, ndi mwana amene ndamulera ndekha amayi atatisiya. Koma ndikayang'ana pagalasi mtima ukumandiwawa. Kodi tsitsi limeneli lidzameranso? Chathothola ndi meshi, mankhwala, kapena kubereka? Ena akundiuza kuti ndigule wigi ya frontal, ija yophimba kutsogolo kwa mutu, n'kumata ndi guluu kuti ibise, ena akuti ndilukitse wivi yosoka. Chabwino n'chiti kwa munthu wa mutu ngati wangawu? Ndipo amene mumakhalitsa ndi meshi osayabwa, mumaisamala bwanji?

Woluka tsitsi wa ku Ndirande:
Achemwali, pepani. Ndakhala ndikuluka anthu zaka zambiri ndipo mutu ngati wanuwo ndimauona kawirikawiri. Ndikuuzeni mosabisa: meshi yaing'ono yofika m'chiuno musaluke panopa. Kachingwe kakachepa ndiye kuti kakumangiriridwa pa titsitsi towerengeka, pomwe kulemera kwake kuli kwa chingwe chachitali. Mukawonjeza kumanga chimchira pamwamba tsiku laukwatilo, kulemera konse kukukoka m'mbali momwe mwatha kalemo.

Chinanso, kupaka mankhwala ndi kuluka tsiku limodzi n'kupha tsitsi. Mankhwala aja amalifewetsa, limakhala lopanda mphamvu, ndiye inu n'kulipachika katundu. Ine kasitomala akapaka mankhwala ndimamubweza, abwere pakatha masabata awiri. Ena amakwiya n'kupita kwa anzathu, koma bola apite.

Ndinenenso za ife oluka, poti vuto lina lili kwa ife. Timakoka kwambiri chifukwa makasitomala amafuna kuti meshi ikhalitse ndiponso ioneke yaukhondo, ndiye timatola ngakhale titsitsi ta pachipumi toyenera kusiyidwa. Munthu amachoka pampando nsidze zitakwera, usiku osagona, mpaka kumwa Panado. Kuluka kwabwino sikufuna Panado ayi. Mukamva kuwawa mukadali pampando, nenani pomwepo amasule mzerewo. Ndalama ndi yanu, mutunso ndi wanu.

Membala wina:
Mafuta a nsatsi asisi, m'mawa ndi madzulo. Ine anandithandiza.

Namwino, Zomba:
Mayi, ndiyankhe mbali yachipatala. Zimene mwafotokozazi zikuoneka kuti ndi zinthu ziwiri zakumana. Choyamba ndi kuthothoka kobwera chifukwa chokokedwa, madokotala a khungu amati traction alopecia. Zizindikiro zake ndi zomwe mwatchulazo: kumayambira m'mbali ndi pachipumi, tiziphuphu m'mphepete mwa mizere, ndi kamzere ka titsitsi kotsalira kutsogolo. Simuli nokha. Ku Langa, mu mzinda wa Cape Town, Pulofesa Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anapima anthu ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007: vutoli analipeza pa amayi pafupifupi 32 mwa 100 alionse, ndi atsikana apasukulu 17 mwa 100. Linali lochuluka kwambiri pakati pa oluka tsitsi lopakidwa mankhwala owongola, ndiye zomwe anena achemwali a ku Ndirandewo n'zoona.

Chachiwiri ndi uchembere. Mayi akakhala woyembekezera tsitsi silithothoka kwenikweni, ndiye pakapita miyezi itatu kapena inayi atachira, lonse lija limayoyoka nthawi imodzi. Kumeneku kumatha kokha, nthawi zambiri mwana asanakwanitse chaka. Koma pitani akakupimeni magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi nakonso kumathothola tsitsi, ndipo amayi oyamwitsa ambiri amakhala nalo vutoli osadziwa.

Funso lanu lalikulu, loti lidzameranso kapena ayi, yankho lake lagona pa mizu. Ngati kukokako kwasiyidwa msanga, mizu imadzuka ndipo tsitsi limabwerera. Kukapitirira zaka ndi zaka, mizu imafa, pamalopo pamakhala chipsera chosalala, ndipo palibe mafuta amene angameretsepo kanthu. Malo onyezimira mwatchulawo ndi amene akundidetsa nkhawa, n'chifukwa chake ndikuti musadikire ukwati udutse. Poti muli ku Lilongwe, yambirani kuchipatala chaching'ono chapafupi akulembereni kalata yokaonana ndi a khungu ku Kamuzu Central. Akaonanso tiziphuphuto, chifukwa tikakhala ndi mafinya pamafunika mankhwala. Pali mankhwala opaka otchedwa minoxidil amene amathandiza ena, koma inu mukuyamwitsa, musagule nokha ku famase dokotala asanakuuzeni. Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi ndi khungu, si oipa, koma sangalimbane ndi meshi yomwe ikukokabe. Dziwaninso kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho pofika Disembala musayembekeze kuti m'mbali mukhala mutadzaza.

Mayi wa ku Area 25:
Ingometani mwana wanga. Ine ndinameta nditabereka wachitatu, lero tsitsi langa ndi lodzaza kuposa ndili mtsikana. Mutu wometa bwino, ndolo zazikulu, chovala chokhala, palibe angakunyozeni paukwati.

Mchemwali wanu ku Johannesburg:
Za guluuzo ayi, chonde. Kuno ma frontal ndiye ali ponseponse ndipo ndaona anzanga ambiri atasenda chipumi. Guluu amamatidwa pamalo enieni pomwe inu pakukuvutanipo, ndipo pochotsa amazula ndi titsitsi tatsalato. Anthu ena khungu lawo siligwirizananso ndi guluu, amatupa ndi kutuluka matuza. Wivi yosoka nayo imafuna mizere yolimba pansi kuti ulusi ugwire, ndiye mwabwerera pomwe paja.

Ngati simukufuna kumeta, gulani wigi yosafuna guluu, ya lamba wosinthika kumbuyo. Pansi lukani mizere ikuluikulu yomasuka ndi tsitsi lanu lokha, m'mbalimo osagwiramo. Tizipeso timene amasokerera m'kati mwa wigi, makamaka takutsogolo, tidulenimo chifukwa timakanda pomwe pali bala. Lambayo asathine. Mukafika kunyumba vulani mutu upume, osagona nayo. Masiku ano kuli mawigi olukidwa kale ngati meshi yaitali, ndiye mutha kufanana ndi anzanu operekezawo popanda chingwe ngakhale chimodzi chomangidwa pamutu panu. Pazithunzi palibe angasiyanitse.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mobwereza. A namwino, Lolemba ndipita kukapimitsa magazi ndi kukapempha kalatayo. Amayi a ku Area 25, kumeta mtima sunavomere, koma ndakumvani. Za wigi yolukidwa kale sindinaziganizepo, ndikamuuza mng'ono wanga madzulo ano. Chatsala ndi funso la kuyabwa lija. Tsitsi likadzabwerera ndidzafunabe kuluka, poti ntchito yanga imafuna kuoneka bwino ndipo m'mawa ndi mwana nthawi yopesa sindiipeza. Ndidzayambe bwanji kuti zisadzabwererenso?

Woluka tsitsi wa ku Ndirande:
Kuyabwa kumayamba meshi isanafike n'komwe pamutu. Meshi timagulayi, kaya Darling kaya X-pression, si tsitsi la munthu, ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo anthu ena khungu lawo limadana ndi zomwe zimakhala pa ulusiwo ukamachoka kufakitale. Mukagula, musachotse kalamba komangira pakati. Iviikeni m'beseni la madzi ofunda mutathiramo viniga pang'ono, ikhalemo mphindi 20 kapena 30, mudzaona madzi achita mbuu. Tsukuluzani, yanikani pachingwe iume, mawa lake ndiye mupite nayo kusaluni. Makasitomala anga ambiri amene ankadandaula kuyabwa anasiya atayamba kuchita zimenezi.

Kwinako ndi litsiro basi. Anthu amaopa kuchapa meshi kuti ifumuka, ndiye amatha mwezi wathunthu madzi osakhudza khungu, chonsecho thukuta, fumbi la mumsewu, utsi wa mbaula ndi mafuta opaka tsiku ndi tsiku zikuunjikana. Mfundu imachokera pamenepo, fungonso. Chapani pakatha sabata imodzi kapena awiri. Sungunulani shampu m'kabotolo ka madzi, thirani m'mizere, sisitani ndi nsonga za zala osati zikhadabo, ndipo musapikite zingwezo monga mukuchapa chitenje. Chapani m'mawa kuti dzuwa likuumitseni, poti magetsi akazima dryer sathandiza, ndipo kugona ndi meshi yonyowa ndiye kumabweretsa fungo lachinyontho lija. Ikakhala yonyowa imalemeranso kwambiri, muziigwirizira ndi thaulo isamalendewere. Mafuta pakani pang'ono, opepuka, pakhungu pokha. Pogona mangani mpango woterera wa satin, koma mfundo yake isakhale pachipumi.

Meshi isapitirire masabata 6, mukakakamira kwambiri 8. Tsitsi likamakula chingwe chimatsika n'kumalendewera pa tsitsi latsopano lanthete, n'chifukwa chake zakutsogolo zimagwa zokha. Ndikudziwa mitengo ya meshi ndi yolukitsa yakwera, aliyense amafuna ndalama yake igwire ntchito, koma mutha kumasula mizere iwiri yakutsogolo yokha pakati pa nthawiyo n'kuilukanso momasuka. Pomasula musathamange. Patsinde pamakhala kachibuluma ka litsiro ndi tsitsi lomwe linathothoka kale, poti munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku ndipo likakhala lolukidwa limangosungika momwemo. Pakanipo mafuta kapena conditioner, masulani ndi zala, pesani ndi chipeso cha mano otalikana musanathire madzi. Mukanyowetsa musanapese limangana, ndiye pamafunika sizasi. Mukamasula, pumani masabata awiri musanalukenso, ndipo muzisintha maluko, mzere usamadutse malo amodzimodzi nthawi zonse.

Mayi wina, Mzuzu:
Ndiwonjezere chimodzi poti muli ndi khanda. Meshi yaitali ndi mbaula siziyenderana, pulasitiki ija imagwira moto msanga n'kusungunukira pakhungu. Pophika muziimanga kumbuyo. Pobereka mwana kumbuyo muziikwezanso, ana amakoka ndi kuika m'kamwa. Ndipo nonse muli ndi ana aakazi, tisamawaluke meshi yolemera akadali aang'ono, ndikumaona tiana ta ku nazale chipumi chitayamba kale kubwerera m'mbuyo.

Mwini funso:
Ndalankhula naye mng'ono wanga, wavomera za wigi, akuti chachikulu n'chakuti ndidzaime pambali pake. Usiku uno ndimasula mizere yomwe ili pamutuyi, ndiyamba ndi yakumanzere. Amene mukudziwa komwe amagulitsa kapena kusoka mawigi olukidwa kale mu Lilongwe muno, opanda guluu, lembani pansipa dera lake, ndikufuna ndikayese ndekha pamutu ndisanalipire.