Muphwa wanga akufuna kukagwira ntchito ku Israel: ndimulole kapena ndimuletse?

Membala wosadzitchula dzina:

Akuluakulu a pa gulu lino, ndabwera kuti mundithandize maganizo pa nkhani yomwe yagawa banja lathu pawiri. Muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, anakhoza bwino mayeso a MSCE, koma mpaka lero akudalira maganyu a m'madimba a anthu. Tsopano watsimikiza mtima kuti akufuna kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo popeza mwinimbumba ndine, onse akuyembekezera kuti mawu otsiriza achokere kwa ine, pamodzi ndi ndalama za pasipoti, za kuchipatala ndi za munthu wina amene akudzitchula kuti ndi ajenti. Kuti ndalamazo zikwane, mlongo wanga akufuna kukongola ku banki m'khonde ndi kubwereketsa munda wake kwa zaka ziwiri.

Chondivuta n'chakuti aliyense amene ndamufunsa akundiyankha ndi ndale. Boma la a Lazarus Chakwera linanena kuti ndondomeko yotumiza achinyamata kukagwira ntchito ku Israel ichepetsa ulova ndi kubweretsa ndalama zakunja, pa nthawi imene kwacha inali itangochepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwezi womwewo umene ndege yoyamba inanyamula achinyamata 221. A Kondwani Nankhumwa, omwe ankatsogolera mbali yotsutsa m'nyumba ya malamulo, anadzudzula kuti zinthu zinachitika mobisa komanso kuti ana athu akutumizidwa ku dziko limene lili pa nkhondo. Mbali zonse ziwiri ndazimva, koma palibe imene yandiuza choti ndikamuyankhe mnyamatayu. Kodi ndondomekoyi imam'teteza munthu amene wapitayo, kapena imangothandiza boma kupeza madola? Nanga amene mukuitsutsa, mukuitsutsa chifukwa cha moyo wa ana athu kapena chifukwa cha mkangano wa Israel ndi Palestine?

Bambo wina wa ku Ntcheu:

Achimwene, nkhaniyi si yachilendo kwa ife amene makolo athu anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba. Nthawi imeneyonso boma linkapindula, chifukwa gawo lina la malipiro silinkaperekedwa kwa munthu ali ku mgodi, koma linkatumizidwa kuno kuti adzalandire atabwerera. Ndalamazo zinamanga nyumba za malata ndi kugula njinga ndi ng'ombe, zimenezo sitingazikane. Koma mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu Banda anaimitsa ntchitoyo nthawi yomweyo, ndipo ngakhale inadzayambiranso, inatheratu cha m'ma 1988 pa mkangano woyeza magazi. Lero mukapita m'midzi mwathu mupeza nkhalamba zikutsokomola fumbi la mgodi, zitasunga timapepala tothetheka m'jumbo, zikudikirabe ndalama zimene zinalonjezedwa. Choncho ine sinditsutsa kutumiza anthu kunja, koma ndimafuna kudziwa kuti munthu akavulala, akadwala kapena akamwalira, ndani amene wasainira kuti adzayankhapo. Ngati ajenti wanuyo sangakuonetseni zimenezo pa pepala, mundawo usabwereketsedwe.

Mayi wina wa ku Mangochi:

Bambo, ndikupemphani kuti poganiza za kuopsa kwa ku Israel muganizenso za kuopsa komuletsa. Mnyamata amene watsimikiza mtima kuchoka sakhala pakhomo chifukwa malume ake akana. Amakwera galimoto za ku Joni popanda zikalata zokwanira, ndipo tonse tikukumbukira mabasi amene boma linatumiza kukatenga abale athu mu 2008 ndi mu 2015 pamene anthu obwera ankamenyedwa ku South Africa. Tikudziwanso zimene zinachitikira atsikana amene ananamizidwa ndi maajenti n'kukazunzika m'nyumba za anthu ku Oman. Kwa ine, njira imene maboma awiri asainirana, monga anachitira a Malawi ndi a Israel mu Epulo 2024, ili ndi pogwira, chifukwa pali ofesi ya kazembe ku Tel Aviv kumene munthu angakadandaule. Amene akuti ndondomeko yonse ithetsedwe atiuze kaye kumene achinyamata amenewa akalembedwe ntchito.

Mphunzitsi wina wa ku Zomba:

Amayi, mfundo yanu ndaimva, koma tisaiwale chifukwa chimene malo a ntchitowo anapezekera. Nkhondo itayamba pa 7 Okutobala 2023, anthu ambiri a ku Thailand amene ankagwira m'mindamo anabwerera kwawo anzawo ataphedwa ndi kugwidwa, a ku Palestine analetsedwa kulowa, ndipo pakati pa ophedwa panali ophunzira awiri a zaulimi ochokera ku Tanzania. Ana athu anaitanidwa kukalowa pamene ena anathawapo. Palinso mtengo umene dziko likulipira pa ubale wake ndi maiko ena. Mu Seputembala 2024, pamene bungwe la United Nations linavota kuti Israel ichoke m'madera a Palestine, Malawi inali m'gulu la maiko 14 okha amene anakana, pomwe South Africa, kumene kuli abale athu miyandamiyanda, inali itasumira kale Israel ku khoti la maiko ku The Hague. Ena adzanena kuti umenewu ndi mwambo wathu wakale, popeza mu 1973 maiko ambiri a mu Africa atathetsa ubale ndi Israel ife sitinatero, ndipo n'zoona. Koma chimene ine ndimakana n'chakuti voti ya dziko izioneka ngati ikusinthanitsidwa ndi malo a ntchito popanda aphungu athu kukambirana poyera.

Bambo wa ku Ntcheu uja:

Aphunzitsi, zimene mwanenazo n'zoyenera kukambidwa ku nyumba ya malamulo, koma munthu wafunsayu savota ku United Nations. Iye ali ndi mlongo amene akufuna kutaya chakudya cha zaka ziwiri.

Membala wina amene ali ndi mbale wake kumeneko:

Ndiyankhe zogwirika. Chilolezo chogwirira ntchito chimamangidwa pa ntchito ya ku munda, ndipo amene wachoka n'kukagwira kwina amakhala waswa lamulo. Mu Meyi 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kuno chifukwa chosiya minda n'kukagwira ntchito pa malo ophikira buledi. Ambiri amene amachoka amatero chifukwa ndalama imene analonjezedwa kuno imasiyana ndi imene imatsala m'manja akadula za nyumba, za msonkho ndi ngongole ya ulendo. Choncho muphwa wanuyo aone kontirakiti asanalipire kalikonse, ndipo muwerenge limodzi malipiro a pa ola, maola a pa tsiku, zodulidwa zonse, inshuwalansi, ndi amene adzalipire tikiti akafuna kubwerera nthawi isanakwane. Afunsenso dera limene mundawo uli, chifukwa kufupi ndi Gaza kapena ndi malire a Lebanon sikufanana ndi pakati pa dzikolo. Musanapereke ndalama kwa ajentiyo, pitani ku ofesi ya zantchito ya pa boma lanu mukafunse ngati akudziwika, ndipo musavomere kutumiza ndalama pa foni popanda lisiti.

Membala wosadzitchula dzina:

Zikomo kwambiri nonse. Ndamuimbira ajentiyo kumupempha kontirakiti, ndipo wandiyankha kuti kontirakiti imasainidwa munthu akafika kumeneko, koma theka la ndalama likufunika sabata ino kuti dzina lisachotsedwe pa mndandanda. Ndamuuza mlongo wanga kuti za munda ziyambe zaima, ndipo Lolemba ndipita ku ofesi ya zantchito pamodzi ndi mnyamatayo kuti akadzimvere yekha. Amene abale anu anapita kudzera m'njira ya boma, kodi anasainira kuno kapena kumeneko?