Tasonkha ndalama zothandiza okhudzidwa ndi tornado, koma tipereke kuti?

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku America, ndipo masabata atatu apitawo tornado inagwa m'tauni ina yoyandikana nafe. Amene simunaionepo, ndi kamvuluvulu wamkulu. Amadutsa mphindi zochepa chabe n'kusesa nyumba za mbali imodzi ya msewu, za tsidya linalo n'kutsala zili chilili.

Loweruka ndinapita kukathandiza kusankha katundu mu holo ya tchalitchi. Zovala zinali mulu kufika pawindo, zina zong'ambika, nsapato za phazi limodzi. Kenako kunalowa mayi wina, muluwo sanaucheukire n'komwe. Anafunsa lona wofolera denga, magolovesi, ndi bokosi la pulasitiki loti asungiremo zithunzi za ana ake zomwe anatola m'matope. Tinalibe chilichonse mwa zimenezi. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndiye pagulu lathu la amayi tinasiya zosonkha zovala, tinasonkha ndalama. Vuto ndi loti sitikumvana. Ena akuti tipereke lero lomwe ku Red Cross poti anthu akufunika pogona ndi chakudya. Ine mtima wanga uli pa miyezi ikubwerayi, atolankhani akadzachoka. Ku Joplin, Missouri, tornado ya mu May 2011 inapha anthu oposa 150, ndipo kumanganso kunatenga zaka. Ku Mayfield, Kentucky, chimodzimodzi itadutsa ya mu December 2021. Kodi n'kulakwa kusunga ndalamazi pamene anthu akuvutika panopa?

Yankho loyamba:
Mayi, simukulakwa ayi. Masiku oyamba thandizo limabwera lambiri, pakapita miyezi itatu kumangoti zii. Fufuzani ngati m'deralo akhazikitsa komiti yoona za kumanganso, kapena funsani a Habitat for Humanity, bungwe lothandiza anthu kumanga nyumba. Musaiwale anthu a lendi. Mwini nyumba akalandira za inshulansi, iwo amatsala padzuwa.

Yankho lachiwiri:
Ine ndikuti gawani pawiri. Ina mugulire makhadi ogulira zinthu m'sitolo, aliyense akadzisankhire yekha chomwe chikusowa. Mayi uja akanagula lona wake tsiku lomwelo. Komanso anthu ambiri amaganiza kuti FEMA, nthambi ya boma la America yothandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, ilipira zonse. Thandizo lake kwa mabanja limayamba pulezidenti akalengeza kuti m'deralo mwagwa ngozi yaikulu, ndipo silibweza zonse zomwe munthu wataya.

Yankho lachitatu:
Chenjerani ndi akathyali, achemwali. Ngozi ikangogwa amatsegula masamba pa Facebook ndi zithunzi zakuba. Bungwe lililonse liyang'aneni kaye pa tsamba la IRS, nthambi ya boma yoona za misonkho, kapena pa Charity Navigator, tsamba lounika mabungwe othandiza anthu.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Za anthu a lendi sindinaziganizeko, pomwe mayi uja anatiuza yekha kuti nyumbayo si yake. Mawa ndikapempha anzanga kuti tigawe pawiri. Koma makhadiwo tikapereke tokha pamanja, kapena tidzere kwa abusa a kumeneko amene akuwadziwa anthuwo? Ndikuopa kumuchititsa manyazi munthu amene wavutika kale.